Zithunzi za panorama zikakana kulumikizana: nodal slide ndi lenzi ya zoom

Vutoli siliwonekera kumalo ojambulira, limadikira kuti mukhale pa kompyuta. Mwaima pakhonde la loji m'mbali mwa nyanja, mwajambula zithunzi 6 motsatizana kuchokera kumanzere mpaka kumanja, ndipo pa kamera chilichonse chikuoneka bwino. Mukafika kunyumba n'kuzipereka ku pulogalamu yolumikizira, chilumba cha kutsidya chikutuluka bwinobwino, koma mzati wa khonde waduka pakati, theka lina lasendera pambali, mpando womwe unali pafupi nanu uli ndi miyendo isanu. Mawa lake mubwereza ndi zida zomwezo, zitheka. Mkuja zikananso.

Ngati lenzi yanu ndi ya zoom, kusinthasintha kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Anthu ambiri amagula nodal slide, kanjanji kolembedwa manambala kosunthirapo kamera pa tripod, n'kuyeza kamodzi, n'kumanga kamera pa nambala imodzi mpaka kalekale. Nambala imodzi imakwanira lenzi yosasintha kutalika, monga 35mm kapena 50mm. Lenzi ya zoom ndi malenzi angapo okhala m'nyumba imodzi, ndipo iliyonse imafuna nambala yake.

Chomwe chikusuntha n'chiyani

Tambasulani mkono, imikani chala chachikulu kuti chiphimbe mtengo womwe uli patali, tsinzinani diso limodzi. Kenako tembenuzani mutu pang'ono. Chala chachoka pamtengo, ngakhale chala ndi mtengo sizinasunthe. Chasuntha ndi diso, chifukwa mutu umazungulira pakhosi pomwe diso lili kutsogolo kwa khosi. Ojambula amati parallax.

Kamera nayo ili ndi khosi ndi diso. Khosi ndi kabowo ka bawuti kapansi pa kamera, komwe timamangira pa tripod. Diso lili m'kati mwa lenzi, kutsogolo ndithu. Mukazunguza kamera pa bawutiyo, diso limayenda mtunda, ndiye chithunzi chachiwiri chimaona mzati wa khonde kuchokera pamalo ena. Pulogalamu imalephera kukhutiritsa mzati ndi chilumba nthawi imodzi, imasankha chimodzi n'kudula chinacho.

Nodal slide ndi kachitsulo kathyathyathya konga kanjanji, kokhala ndi chopanira kumapeto kumodzi. Ntchito yake n'kubwezera kamera kumbuyo mpaka diso la lenzi lifike pamwamba penipeni pa malo ozungulirapo. Dzinali limasocheretsa pang'ono. Malo amene tikufuna si nodal point ya akatswiri a magalasi, koma entrance pupil, womwe ndimakonda kuutchula mwanadiso wa lenzi. Mutha kumuona ndi maso anu: ikani aperture, kabowo kolowera kuwala, pa f/16, dinani batani loonetsa kuzama kwa focus, suzumirani kutsogolo kwa lenzi. Kabowo kowala kamene mukukaona m'katimo ndi komweko. Chofunika si pomwe timasamba ta aperture tili kwenikweni, koma pomwe kabowoko kakuoneka kuti kali mukakaonera kudzera m'magalasi akutsogolo.

Muli chisuzumirire choncho, potozani zoom pang'onopang'ono. Muona kabowo kaja kakuyandikira kapena kuthawira m'kati, kakukula kapena kuchepa. Vuto lanu lonse ndi limenelo. Magulu a magalasi akamasuntha m'kati, mwanadiso amasuntha nawo, pa malenzi ena masentimita awiri kapena atatu, pa malenzi aatali monga 70-200mm kuposa pamenepo kutalitali. Ndipo musaweruze ndi zomwe zikuoneka kunja. Canon EF 24-70mm f/2.8L yoyamba ija imatalika mukapita ku 24mm n'kufupika ku 70mm, mosemphana ndi malenzi ambiri. Ma 70-200mm f/2.8 ambiri satalika n'komwe kunja, koma mwanadiso wake amayenda mtunda wautali m'kati. Palibe lamulo limodzi la malenzi onse, n'chifukwa chake timayeza.

Kodi kanjanjika mukukafunadi?

Tiyeni tiwerengetse, chifukwa masamu ake amapulumutsa ndalama. Tenga kamera ya full frame ya ma megapixel 24, yomwe ili ndi ma pixel 6000 pa mamilimita 36. Lenzi ili pa 24mm, mwanadiso waphonya malo ozungulirapo ndi mamilimita 50, ndipo pakati pa chithunzi ndi chinzake mukuzunguza madigiri 30. Diso liyenda chammbali mamilimita pafupifupi 26. Chinthu chomwe chili mita imodzi kuchokera pa kamera chisendera ma pixel pafupifupi 100 poyerekeza ndi zakutali. Chomwe chili pa mamita 10 chisendera ma pixel 10 okha, cha pa mamita 50 awiri basi.

Tanthauzo lake n'lakuti ngati mukujambula phiri la Mulanje muli patali, popanda chitsamba kapena mpanda pafupi, kanjanji simukukafuna. Ngakhale pamanja zitheka. Koma mukafuna kuti masamba a tiyi omwe ali pamapazi panu alowe m'chithunzi limodzi ndi phirilo, kapena mukujambula m'kati mwa chipinda cha alendo, m'tchalitchi chokhala ndi mizati ndi mabenchi ngati St Michael and All Angels ku Blantyre, pamenepo ma pixel 100 aja palibe pulogalamu yomwe ingawabise. Masamu omwewo akutiuzanso chinthu chotonthoza mtima: mukaphonya ndi mamilimita awiri okha, chinthu cha pa mita imodzi chisendera ma pixel anayi, omwe pulogalamu imawameza mosavuta. Musataye tsiku lonse kusaka theka la milimita.

Kuyeza

Pezani zinthu ziwiri zoima chilili, china pafupi china patali. Ine ndimamata kachingwe ka tepi yakuda pagalasi la zenera, n'kuika kamera mita imodzi kuchokera pazeneralo, moyang'ana polo ya magetsi ya kutsidya kwa msewu. Chapafupicho chikhale chopyapyala, ndipo aperture ikhale yothina, f/11 kapena f/16, kuti zonse ziwiri zioneke.

Yambani n'kuonetsetsa kuti chozungulira, mbali ya mutu wa tripod yomwe imazunguza kamera, chili pa levulo. Kenako sunthani tripod yonse mpaka tepi ndi polo zilunjikane pakati pa chithunzi. Yatsani live view, zunguzani kamera kuti ziwirizo zifike m'mphepete mwa chithunzi, kulitsani malo amenewo pa sikirini, muone ngati zidakalunjikana. Bwerezani mbali inayo.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera, amangosunthira kutsogolo ndi kumbuyo mwachimbulimbuli. Lamulo lake ndi ili. Mukazunguzira kamera kumanja, tepi yapafupi n'kusendera kumanzere kwa polo, ndiye kuti mwanadiso ali kutsogolo kwambiri: bwezerani kamera kumbuyo. Tepi ikasendera kumanja, kutsatira komwe mwazunguzira, mwabwerera mopitirira: kankhirani kutsogolo. Poyamba sunthani mamilimita 10, mukadutsa malo ake bwererani ndi 5, kenako 2. Pakatha maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi mupeza pomwe tepi ndi polo zikugwirana osasiyana kuchokera mphepete ino kufika mphepete inayo. Werengani nambala yomwe ili pa kanjanji moyang'anizana ndi mzere wapakati wa chopanira, lembani.

Tsopano funso lenileni: muyeza pa ma focal length angati, kutanthauza manambala a pa zoom monga 24mm kapena 70mm? Langizo langa ndi lakuti musayeze onse. Sankhani awiri kapena atatu omwe mumajambulira panorama, ndipo kuyambira lero muziona zoom yanu ngati malenzi atatu osasintha. Pa 24-70mm ine ndimagwiritsa 24, 35 ndi 70. Malekezero awiriwo ndi odalirika kwambiri chifukwa mkombero wa zoom umagunda n'kuima, ndiye mubwerera pamalo omwewo tsiku lililonse ngakhale mumdima. Manambala apakati ndi ovutirapo, poti 35 yolembedwa pamkombero ndi yotakata ndipo lero muima kumayambiriro kwake, mawa kumapeto. Matani katepi koyera pamkombero n'kujambulapo kamzere kopyapyala ndi bolopeni. Ndipo musaganize kuti nambala ya 50 ili pakatikati pa nambala ya 24 ndi ya 70. Mwanadiso sayenda mofanana ulendo wonse, pa malenzi ena amabwerera kumbuyo kenako n'kutembenuka.

Yezani focus ili pa mtunda womwe mumajambulira. Kupotoza focus kumasunthanso magalasi, ndipo mukayeza focus ili pa theka la mita kenako n'kukajambula ili kutali, nambala imaphonya pang'ono.

Kusankha kanjanji

Yezani musanagule. Dulani katoni yolimba, jambulani mzere wowongoka pakati pake, ikhomereni pathabwa ndi msomali umodzi wamutu wathyathyathya wodutsa pamzerewo kuti izizungulira. Khazikani kamera pakatonipo lenzi itatsata mzere, chitani mayeso a tepi ndi polo aja, muzisuntha kamera pamzere. Mukapeza malo ake, yezani ndi rula kuchokera pa msomali kufika pa kabowo ka bawuti. Chitani izi pa ma focal length anu onse. Nambala yaikulu kwambiri, kuphatikizapo mamilimita ngati 30 oti chopanira chapansi chigwire bwino komanso malo a chopanira cha kamera, ndiwo utali womwe mukufuna.

Tinjanji tambiri timakhala pakati pa mamilimita 140 ndi 200. Mtima umakokera ku kakatali poganiza kuti kakwanira chilichonse, koma kakatali kali ndi vuto lake. Kamera ikaimikidwa choimirira pa 16mm, lenzi imaona madigiri pafupifupi 97 kuchokera pamwamba kufika pansi, ndipo mphuno ya kanjanji yotsala kutsogolo imalowa m'munsi mwa chithunzi chilichonse. Ngati muli ndi zoom yotambalala monga 16-35mm komanso ina yaitali, funani kanjanji komwe chopanira chake chimatha kusuntha pamwamba pa kanjanjiko, osati chomangidwa kumapeto. Mukatero mutha kukokera chopanira kutsogolo kuti mphuno isatsale yaitali.

Onaninso kuti chopanira chimatembenuka madigiri 90. Puleti ya pansi pa kamera ndi L-bracket, puleti yooneka ngati L yoimikira kamera choimirira, zimalowa chopingasa, pomwe phazi la lenzi yaikulu limalowa chamlitali. Lenzi yokhala ndi kolala, mkombero wokhala ndi phazi lomangira pa tripod, ngati 70-200mm, imangeni paphazi lake osati pa kamera, ndipo nthawi zambiri puleti yaitali paphazipo imagwira yokha ntchito ya kanjanji. Pa malenzi otere mwanadiso amatha kuthawira kumbuyo kwambiri mukafika ku 200mm, moti mungafunike kukankhira kamera kutsogolo m'malo mobwezera kumbuyo. Zimadabwitsa ulendo woyamba, koma si kulakwitsa.

Pafupifupi tinjanji tonse, kaya ta Really Right Stuff, Kirk, Sunwayfoto, Leofoto kapena Nodal Ninja, timatsatira kapangidwe ka Arca-Swiss, kotambalala mamilimita pafupifupi 38. Ndati pafupifupi chifukwa opanga amasiyana pang'ono. Chopanira chopotoza ndi dzanja chimagwira mapuleti onse, pomwe chotseka ndi kachogwirira kongokhethemula chimatha kukhala cholobodoka pa puleti ya kampani ina. Kwa ife amene timaitanitsa zida kuchokera kunja ndipo kubweza katundu n'kovuta, chopotoza ndicho chanzeru. Mapuleti akale a Manfrotto a RC2 salowa m'zopanira za Arca-Swiss, ndiye onani mutu wa tripod yanu musanalipire. Manambala a mamilimita akhale ozokotedwa pachitsulo, osati opakidwa utoto womwe ufufutike, ndipo kumapeto kukhale kabawuti kotchinga kuti kamera isapulumukire pansi chopanira chikamasuka.

Nambala ili bwino koma msoko ukudukabe

Choyamba tsegulani zithunzizo muone EXIF, zomwe kamera imalemba m'fayilo ya chithunzi chilichonse. Ngati choyamba chikuti 35mm ndipo chachisanu chikuti 37mm, zoom inasuntha yokha kapena munaigunda pozunguza. Malenzi okalamba amatero kawirikawiri. Mankhwala ake ndi katepi komata mkombero wa zoom ku thupi la lenzi, komanso kuzunguza mutagwira chozungulira osati lenzi. Malenzi a zoom yamagetsi, monga Sony 16-50mm PZ, amalowa m'kati kamera ikazima, ndiye ikagona pakati pa ntchito onaninso focal length musanapitirize.

Chachiwiri ndi autofocus. Ikasiyidwa yoyaka, chithunzi china igwira mzati, china igwira phiri, ndipo kukula kwa zinthu kumasintha pang'ono pa chithunzi chilichonse. Ikani focus kamodzi, zimitsani autofocus. Kumbukirani kuti malenzi ambiri a zoom amataya focus mukasintha focal length, choncho yambani zoom, focus pambuyo. Zimitsaninso chothandiza kugwedera, chomwe Canon imati IS, Nikon VR, Sony OSS. Chimasuntha galasi m'kati, ndipo mukangomaliza kuzunguza chimakhala chidakayandama.

Chachitatu chimavutitsa anthu nthawi yaitali chifukwa mayeso a tepi ndi polo sachiulula bwino. Ndi kuphonya chammbali. Kanjanji kamakonza kutsogolo ndi kumbuyo, koma pakati pa lenzi payeneranso kukhala pamwamba penipeni pa mzere wapakati wa kanjanji. Mukatembenuza kamera pa L-bracket kuti iime choimirira n'kuipana paliponse, lenzi imatha kukhala sentimita imodzi kumanzere kapena kumanja. Chizindikiro chake n'chachilendo: pakati pa msoko pamalumikizana bwino, koma m'munsi mizere ya matailosi ikuduka, ndipo m'mwamba matabwa a siling'i sakukumana. Chifukwa chake n'chakuti kamera yophonya chammbali ikamazungulira, diso limayandikira kapena kutalikira zinthu za pamsoko, ndiye zapafupi zimakula pa chithunzi china kuposa chinzake. Ma L-bracket abwino ali ndi kamzere kosonyeza pakati pa lenzi, kalunjikitseni ndi kamzere ka chopanira. Ngati yanu ilibe, imani kutsogolo kwa kamera, lendewetsani ulusi womangirira kamwala kuchokera pakati pa lenzi, muone ngati ukugwera pakati pa kanjanji, kenako lembani kamzere kanu.

Chachinayi ndi mutu wa tripod. Pa ball head wamba, mutu woyendera pa mpira, chozungulira chili pansi pa mpira. Mukawongola kamera pogwiritsa mpirawo miyendo ili yopendekeka, kamera ikhala pa levulo pa chithunzi choyamba chokha. Mukazunguza, mzere wa nyanja uyamba kukwera kapena kutsika, ndipo tsinde la mpira likapendekeka limachotsa mwanadiso pamalo omwe munayeza. Chozungulira chiyenera kukhala pamwamba pa chowongolera. Mutha kuika chopanira chozungulira pamwamba pa mpira, kapena levelling base, chowongolera levulo, pansi pa mutu, kapena kuleza mtima n'kuwongola miyendo yeniyeniyo mpaka kathovu ka levulo kakhale pakati pozungulira ponse.

Dziwaninso malire a kanjanji kamodzi: kamagwira ntchito ya mzere umodzi wa zithunzi, kamera itayang'ana molunjika. Mukaiweramitsa kapena kuipenyetsa kumwamba kuti mujambule mzere wachiwiri, mwanadiso achoka pamalo. Mizere ingapo imafuna mutu wa panorama wokhala ndi mkono woimirira. Musanagule umenewo, yesani kuimika kamera choimirira ndi focal length yotambalala, nthawi zambiri zimakwanira.

Pamenepo pabwera nkhani ya kuchuluka kwa kuzunguza, yomwe nayo imasintha ndi zoom. Pa full frame yoimirira, 24mm imaona madigiri 53 chopingasa, 35mm imaona 38, 50mm imaona 27, 70mm pafupifupi 19 ndi theka. Zithunzi ziyenera kulowana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye zunguzani madigiri 36 pa 24mm, 24 pa 35mm, 18 pa 50mm, 12 kapena 13 pa 70mm. Amene wazolowera madigiri 36 a 24mm n'kuiwala kuchepetsa atakwera ku 50mm amasiya mipata yopanda chithunzi, ndipo pulogalamu imangokana.

Pali zina zomwe zimaoneka ngati parallax koma si iyo. Nthambi zogwedezeka, mafunde a nthawi ya mwera, bwato lodutsa, izi kanjanji sikangazichiritse. Jambulani mofulumira, ndipo konzani kuti msoko ugwere pamalo osayenda. Mikwingwirima yakuda ndi yowala kumwamba imachokera ku exposure kapena white balance yosiyidwa pa auto, kapenanso polarizer, fyuluta yoika kutsogolo kwa lenzi, yomwe imadetsa thambo mosiyana malinga ndi komwe dzuwa lili. Pa panorama yotambalala ichotseni.

Pulogalamu nayo ili ndi mbali yake. Lightroom yakhala ikulumikiza panorama kuyambira 2015 ndipo imachita bwino pa malo akutali, koma sikupatsani mpata wolowererapo ikalakwitsa. PTGui, yomwe ndi yogula, ndi Hugin, yomwe ndi yaulere, zonse zinaphuka kuchokera ku Panorama Tools ya Helmut Dersch, ndipo zimakuonetsani timadontho tomwe zagwiritsa polumikiza komanso kuphonya kwa kadontho kalikonse mu ma pixel. Muziwerenga manambala amenewo. Ngati timadontho ta pa zinthu zakutali tili bwino koma ta pa zinthu zapafupi ndi tomwe tikuphonya kwambiri, bwererani ku kanjanji. Ngati tophonyato tili pa mitambo ndi masamba, tifufuteni n'kulumikizanso.

Manambala anu alembeni pa katepi komata pansi pa kanjanji, mzere uliwonse ukhale ndi focal length, mamilimita a pa kanjanji ndi madigiri ozunguza. Manambalawo ndi a lenzi imeneyo, kamera imeneyo ndi L-bracket imeneyo pamodzi. Mukasintha chimodzi, yezaninso. Izi zimagwira makamaka amene achoka ku DSLR kupita ku mirrorless n'kusunga malenzi akale. Mtunda wa pakamwa pa kamera kufika pa sensor ndi mamilimita 44 pa Canon EF ndi 20 pa RF, 46.5 pa Nikon F ndi 16 pa Z, ndipo adapter imadzaza kusiyanako, kotero mtunda wa mwanadiso kuchokera pa sensor susintha. Chomwe chimasintha ndi malo a kabowo ka bawuti pa thupi latsopano. Choncho poyeza ulendo woyamba, yezaninso kuchokera pa mwanadiso kufika pa kachizindikiro ka sensor, kabwalo kodutsidwa ndi mzere kamene kali pamwamba pa kamera, ndipo lembani nambala imeneyo m'kabuku. Tsiku lomwe mudzasinthe kamera, mudzangoika rula pa kachizindikiro katsopano, n'kupeza malo oyambira, n'kutsimikiza ndi tepi ndi polo m'mphindi zochepa.